Chingwe Chachifupi pa Khonde la a Fackson

Uthenga wa a Fackson unali waufupi, chinthu chomwe chinadabwitsa aliyense wowadziwa. Anati ngati Crispin akumufunadi Fainess, aonekere pakhonde pawo Lamulungu likudzali, anthu atatuluka m'tchalitchi, kuti amuone nkhope. Akapanda kutero, Fainess ndi mwana wake akwera lole ya ku Thekerani, kumudzi kwa makolo, ndipo nkhani ya ukwati ithera pomwepo.

A Fackson anali atsibweni a Fainess, eni mbumba, komanso kapitawo wopuma pa esiteti ya tiyi. Crispin anali ku Joni, komwe amatsuka magalimoto, ngakhale kuti pa zithunzi zomwe amatumiza amaoneka ngati mwini magalimotowo. Mapepala ake anali aja oti ukatuluka nawo pachipata cha m'malire sulowanso. Anachoka Fainess ali woyembekezera, ndipo tsopano mwanayo, Mwai, anali atayamba kukwawa, akuwadziwa bambo ake ngati munthu wa magalasi akuda wotsamira galimoto ya eni.

Uthengawo anaulandira a Hopeson, atsibweni a Crispin, omwe analinso nkhoswe yake. A Hopeson anachita zomwe amachita ndi vuto lililonse lowaposa msinkhu: analitengera kwa Hazel, mlongo wake wa Crispin.

Hazel anali ndi digiri ya uinjiniya wa zamagetsi. Digiriyo inali pansi pa matiresi, komwe imawongoka bwino, pomwe mwini wake amagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu pamodzi ndi amayi ake. Anthu a m'deralo amamulemekeza kwambiri chifukwa cha maphunziro akewo, moti wailesi ikafa kapena tochi ikakana kuyaka, amam'patsa mwayi wokonza ulere.

"Iwe unapita ku yunivesite," anatero a Hopeson akutsamiritsa njinga yawo pamtengo. "Um'bweretse mchimwene wakoyo."

"Ndim'bweretse pa chiyani, atsibweni? Pa lichero?"

"Usandiseke. Pa foni. Si anthu akuonana pa foni masiku ano?"

Akuonanadi, koma osati kwa a Fackson. Nyumba yawo inali kunsi kwa minda ya tiyi, m'khwawa momwe netiweki imaopa kutsikamo. Wofuna kuimba foni amakwera mtunda mpaka pa chulu cha pafupi ndi shedi ya sikelo, n'kuima pamenepo dzanja lili m'mwamba ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho. Choncho Hazel anapita kukawapempha a Fackson kuti zokambiranazo zikachitikire pachulupo.

"Ukwati sakambira pachulu," anatero a Fackson. "Pachulu ndi pa mbuzi ndi anyamata onamiza ana a eni. Mbeta amafunsira pakhomo. Ndati pakhonde pano."

"Nanga akaonekera pa sikirini, pakhonde pompano, muvomera kuti waonekera?"

A Fackson anayang'ana khwawa lawo, nayang'ananso Hazel. Amalidziwa khwawalo.

"Akaonekera, waonekera," anatero, akumwetulira ngati munthu wolonjeza kukupatsa mazira a tambala wake.

Hazel anali ndi matenda amodzi: akamva kuti chinthu n'chosatheka, chakudya chimasiya kum'komera mpaka atachipezera njira. Anazungulira nyumbayo, anakwera pa mgolo wa madzi womwe unali pakhonde, nasuzumira pakati pa masamba a nthochi ndi denga la khitchini. Kutsidya kwa minda, pamwamba pa chitunda, kunkaoneka denga lobiriwira la holo ya antchito.

Holoyo inali ndi mbiri. Chaka chapitacho esiteti inaikamo intaneti yaulere, mphatso kwa antchito ndi mabanja awo. Kunabwera alendo, kunadulidwa riboni, kwaya inaimba. Wayifayi yake imafika mpaka pa masitepe a holo, ndipo holoyo ndi mpanda wake amazitseka ndi loko poopa kuti antchito angawononge mphatso yawo. Kabokosi kake kamangothwanima pawindo usana ndi usiku, kutumikira makoswe ndi mlonda yemwe analibe foni.

Pakati pa windolo ndi khonde la a Fackson panalibe phiri kapena mtengo, koma tiyi yekhayekha, wosalala ngati tebulo, wofika m'chiuno. Mibadwo ya anthu inapindika misana kusunga tebulo limenelo, kuthyola chilichonse chofuna kutukula mutu. Hazel anaona kuti kunali kukoma mtima kwakukulu kwa anthu amenewo kum'lambulira njira chonchi.

Mawa lake anakwera minibasi kupita ku Luchenza. Pamulu wa zitsulo zakale anapeza chitchingo cha fani yakufa, chija chozungulira, chokumbika ngati mbale. Anagulanso chidutswa cha waya wa pawindo wotchinga udzudzu, kachipangizo kokoka wayifayi kotalika ngati chala, ndi chingwe chokalumikizira ku laputopu. Wogulitsayo analumbira kuti kachipangizoko kamakoka netiweki ngakhale ya ku Mozambique. Hazel anati ya kutsidya kwa khwawa ikwanira.

Ntchito anaigwirira pabwalo pa a Fackson. Anayala waya uja m'kati mwa chitchingo n'kumusoka ndi timawaya ta m'tayala lowotchedwa, kuti mbaleyo izigwira mafunde onse oigunda n'kuwasonkhanitsa malo amodzi. Vuto linali kupeza malo amodziwo. Akanatha kuwerengetsa, koma chitchingocho chinali chitapondedwapo ndi winawake m'moyo wake wakale, ndipo masamu sadziwa za mapazi a anthu. Ndiye anamata m'katimo mapepala onyezimira a m'mapaketi a tiyi, nailozetsa mbaleyo kudzuwa, n'kumayendetsa chala kutsogolo kwake pang'onopang'ono. Pomwe chala chinapsa, m'pomwe anamangirira kachipangizo, pa kamtengo kopingasa.

"Ku yunivesite ndiye amaphunzitsa kudziwotcha?" anafunsa a Lestina, amayi a Fainess, akudutsa ndi ndowa.

"Chaka chomaliza, amayi. Zaka zinazo timaphunzira kudikira ntchito."

Anthu odutsa sanafune kuti ntchito ichitike popanda malangizo awo. Wina anati ndi msampha wa mphenzi. Wina anafunsa ngati chidzaonetse mpira, ndipo atamva kuti ayi, anachoka ali wokhumudwa ndi maphunziro a masiku ano. A Fackson okha anakhala pampando wawo, ndodo yawo yaitali ili pamiyendo, akuonerera modekha ngati munthu woonerera mnzake akutunga madzi ndi dengu.

Mbaleyo inakwezedwa pansonga ya nsungwi, nsungwi n'kumangidwa ku mzati wa khonde. Inayenera kukwera ndithu kuti ipose masamba a nthochi. Apa m'pamene chingwe chinaonetsa khalidwe lake. Chinali chachifupi. Hazel anayesa kulumikiza china chobwereka, koma kachipangizoko kanangozima, chifukwa magetsi ake ndi ochepa ndipo ulendo ukatalika amathera panjira. Anayesa kutsitsa nsungwi, holo inabisika kuseri kwa nthochi. Nthochizo zinali za a Fackson, ndipo Hazel sanavutike n'kufunsa komwe. Yankho linatsala limodzi: laputopu ikwere kukakumana ndi chingwe. Anaiika pa kireti, kireti pa mgolo uja. Anapotoza nsungwi pang'ono, pang'ononso, ndipo pakona ya sikirini panatuluka timizere titatu.

Laputopuyo inali yomwe anaphunzirira, yokalamba ndi yosachedwa kukwiya. Pa tsiku loyesera, Fainess anabwera kudzaona ali ndi Mwai m'manja, ndipo Mwai, pokhala mwana wa bambo ake, anagwira chomwe sanauzidwe kuti agwire. Anasolola chingwe. Laputopu inauma gwa, chithunzi chili pompo, osamva batani lililonse.

"Yafa?" anafunsa Fainess.

"Yanyanyala. Ukaizula chinthu mwadzidzidzi imatero. Ikhala choncho mpaka batire itathe, pokhapokha ndiizimitse mokakamiza."

Ataiyatsanso, Hazel anamuimbira Crispin. Nkhope yake inadzaza sikirini, ndevu zometedwa bwino, timahedifoni m'makutu. Fainess anaseka n'kulira nthawi imodzi, akumulozera Mwai bambo ake. Hazel anawasiya kwa kanthawi, kenako anam'kumbutsa mchimwene wake za Lamulungu.

"Osadandaula, sisi," anatero Crispin. "Mdala ameneyo ndam'konzekera. Ndili ndi mfundo."

Hazel ndi Fainess anayang'anana.

Nkhani yake inali yakale. Asanapite ku Joni, Crispin anathyolako tiyi m'gulu la a Fackson. M'mawa uliwonse, anthu asanalowe m'munda, a Fackson amawaimika pamzere, madengu ali kumsana, n'kuwafotokozera za masamba awiri ndi kansonga, ngati kuti pa usiku umodzi tiyi wasintha kameredwe. Tsiku lina ali m'kati mofotokoza, Crispin analankhula kumapeto kwa mzere kuti, "Akapitawo, tiyi akukula." Mzere wonse unagwa ndi phwete. Kuyambira pamenepo mawuwo anawamatirira a Fackson. Akaima kulankhula pamaliro, pamsonkhano wa mpingo, ngakhale pa komiti ya mjigo, wina kumbuyo amanong'ona kuti tiyi akukula, ndipo zolankhula zimathera m'malere. Ngakhale pa mwambo wotsanzikana nawo pantchito, amanijala anawaombera m'manja ali pakati pa chiganizo, n'kuwalanda maikolofoni mwaulemu. A Fackson anali munthu amene sanamalizepo kulankhula.

"Bambo a Mwai, ndapota nanu," anatero Fainess. "Lamulungu mudzangokhala chete. Atsibweni anu alipo, akuyankhirani."

"Chete? Ine? Kuti mdalayo azindiwerengera milandu pamaso pa anthu, ine n'kumangoti inde bwana? Kuno tinaphunzira kulankhula, mayi a Mwai. Kuno munthu amakhala ndi maraitsi, ufulu wake."

"Maraitsi ako akakwera nawo lole ya ku Thekerani," anatero Hazel.

"Sisi, iwe panga za mawaya."

Atadula, Hazel anakhala pamphepete pa khonde akuyang'ana mbale yake. Inali ntchito yabwino. Inakoka mawu kuchoka ku Joni, kudutsa mayiko, kudutsa holo yokhoma, kudutsa pamwamba pa tiyi, kudzawatula pakhonde la a Fackson osataya ngakhale limodzi. Ndipo limenelo ndiye linali vuto.

Lamulungu kunacha ndi chiperoni. Nkhungu inaphimba minda, holo osaoneka, timizere tija n'kutsala kamodzi. Hazel sanadziwe ngati apemphere kuti nkhungu ichoke kapena ikhale. Pomwe anthu amatuluka m'tchalitchi, kumwamba kunasankha kokha: kunayera, timizere tinabwerera tonse.

Pakhonde anayala mphasa, naikapo mipando iwiri. Pa umodzi panakhala a Fackson, atavala jekete ya pa Khirisimasi ndi mabuti a esiteti opukutidwa mpaka kuwala. Pa winawo panakhala a Hopeson, chipewa chili pabondo. A Lestina ndi Fainess anakhala pamphasa chakumbali. Anansi omwe sanaitanidwe anapezeka kuti onse ali ndi zochita pafupi ndi mpanda. Hazel anaima pambali pa mgolo, nayimba.

Crispin anatulukira atavala shati yoyera. Anapereka moni bwinobwino, kuyambira kwa a Fackson. Kumpanda kunamveka kung'ung'udza kwa anthu odabwa. A Fackson sanayankhe moniwo. Kumwetulira kwa mazira a tambala kuja kunali kutachoka, ndipo maso awo amayenda kuchoka pa sikirini, kutsika pa kireti, pa mgolo, mpaka pansi.

Kenako anatenga ndodo yawo. Inali ija othyola tiyi amagoneka pamwamba pa zitsamba kuti aone zomwe zapitirira tebulo, ndipo anapuma nayo ntchito ngati mmene msilikali amapumira ndi mendulo. Anaigoneka mopingasa, mbali ina pamutu pawo, inayo kuloza mgolo. Nsonga yake inagunda kireti. Crispin yense, kuyambira chibwano mpaka tsitsi, anali pamwamba pa ndodo.

"A Hopeson," anatero a Fackson mofatsa, "kwanu mkamwini amakhala pamwamba pa mitu ya akuluakulu?"

"Ayi ndithu, akulu."

"Nanga uyu wakwera pa mgolo kudzatiyang'anira pansi ndi ndani? Ife kumunda, chotukula mutu pamwamba pa tebulo timathyola."

"Atsibweni, n'chifukwa cha chingwe," anatero Hazel. "Sichifika pansi. Tikaitsitsa..."

"Ine sindikukamba ndi chingwe. Wofunsira mbeta amakhala pamphasa."

Pa sikirini, nsidze za Crispin zinakwera. Hazel amazidziwa nsidze zimenezo kuyambira ali ana: zikakwera, pakamwa pamatsatira. Crispin anakoka mpweya, nasuntha pampando mwamphamvu moti kahedifoni kamodzi kanagwa m'khutu. Anawerama kuti akatole.

A Hopeson, omwe moyo wawo wonse sanachitepo chinthu mwachangu, anasankha tsiku limeneli. Anadzuka, nanyamula laputopu ndi manja awiri ngati mbale ya mgonero, n'kuitsitsira pamphasa, patsogolo pa mabuti a a Fackson. Chingwe chinasololoka mwakachetechete, n'kutsala chikulendewera m'mbali mwa mgolo.

Pamphasapo panali Crispin, mutu woweramitsa, maso pansi, phewa limodzi lotsika. Sanagwedezeke.

"Eya," anatero a Fackson. "Apo ndiye pamalo pake."

Hazel anaona chingwe, naona sikirini, nadziwa zomwe zachitika. Dzanja lake linayamba lokha kupita kuchingwe. Masiku onse aja akusoka waya, chala chopsa, anansi onse ali kumpanda kudikira kuti aone ngati digiri imagwira ntchito, ndiye chinthu chife pamaso pawo? Kukonza kwake kunali kosavuta: kuzimitsa, kukweza pa kireti, kulumikiza, kuimbanso, n'kum'bweza Crispin ndi mpweya wake uja anakoka.

Fainess anadzuka pamphasa. Nayenso anali ataona chingwecho, ndipo amakumbukira tsiku loyesera. Anayenda mowerama monga mwa ulemu, nam'patsa Hazel mwana m'manja onse awiri.

"Alamu, tandigwirireni Mwai," anatero, maso ake ali m'maso mwa Hazel. Kenako anakhala pansi n'kutsamira mgolo, msana wake utabisa chingwe.

A Fackson anakhosomola, nayamba.

Anayambira kutali. Anayambira pa makolo awo omwe anawoloka malire wapansi, akatundu pamutu, kudzagwira thangata m'minda yomweyi. Anafotokoza mmene iwo analowera ntchito ali mnyamata, mmene anakwerera, mitundu ya mamanijala omwe anawaona akubwera ndi kupita. Anafika pa masamba awiri ndi kansonga, nafotokoza kuti banja nalonso n'chimodzimodzi, ngakhale sanafotokoze kuti kansonga ndi ndani. Apa anaima pang'ono, mwachizolowezi, khutu lili tcheru kudikira mawu aja. Kumpanda anthu anali atatanganidwa ndi kuyang'ana sikirini, kudikira kuti Crispin aphulike. Palibe ananong'ona. A Fackson anapitiriza, mawu awo akukwera ngati munthu amene wapeza kuti mlatho womwe amauopa ndi wolimba.

Anafika pa milandu. Kum'patsa mwana wa eni pathupi usanagogode pakhomo. Kuthawira ku Joni. Kutumiza zithunzi za magalimoto m'malo motumiza anthu.

"Ukumva, mnyamata?"

Crispin anayang'anabe pansi.

"Wamva, akulu," anayankha a Hopeson, pakuti imeneyo ndiyo ntchito ya nkhoswe. Kunena zoona, a Hopeson anali asanagwirepo unkhoswe wofewa chonchi. Nkhope yawo imawala.

A Lestina anasendera pafupi, nasuzumira. "Koma mwanayu akupuma?"

"Ndi manyazi, amayi," anatero Fainess msangamsanga.

"Manyazi mpaka osaphethira?"

"Ku Joni kumazizira, amayi," anatero Hazel. "Anthu amaphethira mochepa."

Mwai anam'gwira mlomo, ngati kuti nayenso waona kuti azakhali ake ayamba kupitirira tebulo.

A Fackson sanali munthu wopusa. Zaka zonse zija anazolowera anthu obisa masamba okhwima pansi pa dengu, anthete pamwamba. Ulemu woterewu anafuna aupindule aone kunsi kwake. Anawerama, nkhope yawo n'kuyandikira sikirini.

"Iwe Crispin. Ndalankhula nthawi yaitali, eti? Palibe chomwe chikukula kumundako?"

Kumpanda mayi wina anagwira pakamwa. A Hopeson anafinya chipewa chawo.

"Nena, mwana wanga. Mawu ako aja. Ndakupatsa mpata."

Ntchentche inatera pa sikirini, inayenda pamphumi pa Crispin, inatsikira pamphuno, n'kuuluka. Crispin sanaiingitse. Anangoti ndwii, kuyang'ana mphasa, munthu wosweka mtima, wodziwa kulakwa kwake.

A Fackson anabwerera m'mbuyo pampando pang'onopang'ono. Anayang'ana a Hopeson, nayang'ana kumpanda kuti aone ngati anthu onse aona.

"Ulendo umaphunzitsa," anatero.

Ndipo anapitiriza. Analangiza za kusamala mkazi, za kulemekeza apongozi, za kuipa kwa magalasi akuda. Anabwereza za makolo owoloka malire, poopa kuti mwina poyamba paja ena anali asanafike. Mthunzi wa nsungwi unachoka pakhonde n'kukafika pakhitchini. Mwai anagona, kudzuka, kugonanso. Hazel amangoyang'ana kanyali ka batire, komwe kanali katayamba kuthwanima mofiira, n'kumadzifunsa kuti chiyambe kutha n'chiyani, batire kapena a Fackson. M'maphunziro ake onse sanakumanepo ndi funso lovuta chotere.

Kenako chinachitika chinthu chomwe palibe wa m'khwawamo anachionapo. A Fackson anafika kumapeto. Ananena chiganizo, chiganizocho chinatha, ndipo kuseri kwake kunalibe china. Anakhala kukamwa kuli pululu, akufufuza m'mutu ngati munthu wofufuza m'matumba, koma zonse zinali zitatuluka. Maso awo anachita misozi. Anatulutsa kansalu m'jekete, nanamizira kupukuta thukuta.

"Ndatha," anatero, mawu ake akuwadabwitsa eni ake.

"Mwatha, akulu," anavomereza a Hopeson mwamantha.

"A Hopeson, mwana uyu munamulera bwino, kungoti anachedwa kupsa. Ndaona anyamata ambiri pakhonde pano. Ena amayankha, ena amayasamula, wina anapempha kuti akataye madzi osabweranso. Koma uyu!" Analoza sikirini ndi ndodo. "Fainess sapita ku Thekerani. Bwerani ndi anthu anu tidzapangane tsiku la chinkhoswe."

A Lestina analuluta. Kumpanda nako kunamveka nthungululu, za anthu omwe anabwera kudzaonerera ndewu koma analandira zomwe zinalipo. Mkati mwa phokosolo batire inatha, ndipo sikirini inada.

"Wapita kuti?" anafunsa a Fackson.

"Ndiyesa wapita kukakhala payekha, atsibweni," anatero Hazel.

"Musiyeni. Mawu akalowa amafuna malo."

Dzuwa litapendeka, a Fackson anaperekeza a Hopeson kumsewu, akuwafotokozera mfundo zina zomwe anazikumbukira mochedwa. Hazel anatenga batire ya galimoto yomwe a Lestina amaonerera kanema, nayatsa laputopu, naikweza pa kireti, n'kulumikiza chingwe. Timizere titatu tinabwera nthawi yomweyo, mosanyinyirika, ngati sitinalakwe kanthu. Crispin anayankha kuitana koyamba. Shati yoyera ija anali ataimasula mabatani, nkhope ikusefukira chimwemwe.

"Mwaona? Mwaona mmene ndam'khazikira mdala?"

"Tafotokoza," anatero Hazel.

"Nditangotola kahedifoni, ndinaona mwanditsitsa pansi, ndikungoona mabuti ake. Ndinati chabwino, ndilankhula ndi mabutiwo. Ndinamuuza zonse, sisi. Za dengu langa lomwe anakhuthula pamaso pa anthu. Za ukapitawo wake woopseza amayi. Ndinamuuza kuti nthawi ya thangata inatha. Ndinamalizira ndi tiyi akukula, kawiri. Mdala osayankha olo limodzi! Mabuti osasuntha n'komwe! Mpaka foni anadula yekha ndi manyazi."

Fainess anatseka maso kwa kanthawi, ngati munthu amene galimoto yam'phonya pang'ono pamsewu.

"Ndiye ati bwanji?" anafunsa Crispin.

"Avomera," anatero Fainess. "Akuti abwere anthu adzapangane za chinkhoswe."

"Ndinakuuzani! Anthu ngati amenewo amafuna kuwalankhula mosapsatira. Mukanandimvera inu ndi chete wanuyo, bwenzi pano mukumanga katundu."

"Munalankhula bwino, bambo a Mwai."

"Sisi, chinthu chakocho n'champhamvu. Mawu amamveka bwino eti?"

"Sindinaonepo chikugwira ntchito bwino ngati lero," anatero Hazel.

Atangodula, a Hopeson anatulukira akukankha njinga, atabwerera panjira. Anali ndi uthenga. A Fackson akuti chimbale chija chisachoke pamzati. Akuti mkamwini wotere ndi wosowa, ndipo akufuna azicheza naye Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, chifukwa pali zambiri zomwe sanakhudze.

"Ndiye ndaganiza," anapitiriza a Hopeson monyadira, "Loweruka ndipita ku Luchenza ndikagule chingwe chachitali. Chija n'chachifupi, ndinachiona. Tipeze chofika pamphasa bwinobwino, kuti mnyamata azimva zonse, nayenso aziyankhako pang'ono."

Hazel anatsegula pakamwa. Amadziwa mtundu wa chingwe chomwe chikanatheka, chokhala ndi kabokosi kowonjezera mphamvu pakati, ndipo amadziwa ndi sitolo yomwe chimapezeka. Linali yankho lokongola, ndipo linali pansonga ya lilime.

Fainess anam'ponda chala chakuphazi.

"Chachitali kulibe, atsibweni," anatero Hazel. "Anasiya kupanga."

A Hopeson anapukusa mutu, kudandaula za mafakitale a masiku ano, nakwera njinga yawo. Fainess anadikira mpaka atapota pa nthochi. Kenako anapita pamgolo, nagwira chingwe chija, nachiyeza ndi mkono, n'kuyang'ana mtunda wotsala kuti chifike pamphasa.

"Alamu," anatero, "nsungwi ija simungaikwezeko pang'ono?"